Short shifter pa Toyota 86: kodi ichiza giya yachiwiri yokana m'mawa?

Funso lachokera kwa m'bale wathu wokhala ku Kempton Park: "Ndimagwira ntchito ku Randburg. Chaka chatha ndinagula Toyota 86 ya 2013 kwa munthu, ya magiya 6 osintha ndi dzanja. M'mawa giya yachiwiri imakana kulowa mpaka ndiikakamize, ndipo ndodo ya magiya imagwedera. Anzanga amene timapita nawo ku bwalo la mpikisano wa magalimoto la Zwartkops akuti ndiike short shifter, mavuto onsewa atha ndipo galimoto iyamba kuthamanga kwambiri. Ndigule yotani, nanga ndingaike ndekha?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama zisanatuluke m'thumba. Ambiri amafika pa galaja pathu, kuno kum'mwera kwa Joni, atanyamula kale kabokosi, chitsulo chonyezimira chili m'kati, n'kumati "bwana, ingondimangirani." Ndikafunsa kuti galimoto ikudwala chiyani, amanditchulira matenda amene chitsulocho sichichiza. Inu mwatchula zinthu zitatu: giya yachiwiri yokana m'mawa, ndodo yogwedera, ndi liwiro. Pa zitatuzi short shifter, chitsulo chofupikitsa mtunda umene ndodo ya magiya imayenda, ingathandizeko pa kugwederako basi, ndipo nakonso zimatengera kumene kukuchokera. Liwiro silisintha. Giya yachiwiriyo ikhoza kuvuta kuposa lero. Sindikukuletsani kugula, ineyo ndamanga zambiri ndipo zina zimakoma m'dzanja, koma ikhale yomalizira, galimoto itachira kale.

Munapopapo madzi pa mjigo kumudzi? Mukagwira kumapeto kwenikweni kwa mkono wa mjigo umapepuka, ngakhale mwana amapopa, koma dzanja limayenda mtunda wautali kukwera ndi kutsika. Mukasendeza manja kufupi ndi mutu wa mjigo, dzanja limayenda pang'ono, koma thukuta limatuluka. Madzi otuluka pa kupopa kumodzi ndi omwewo. Ndodo ya magiya ndi mjigo umenewu. Pakati pake pali kampira kamene ndodo imapendekerapo. Pamwamba pa kampirako pali gawo lalitali limene mumagwira, pansi pali gawo lalifupi lolumikizidwa ndi chitsulo cholowa mu giyabokosi. Tiyerekeze kuti pamwamba ndi masentimita 20, pansi ndi 4. Ngati giyabokosi ikufuna kukankhidwa sentimita imodzi ndi theka kuti giya ilowe, dzanja lanu liyenda masentimita 7 ndi theka. Wopanga short shifter amatalikitsa gawo la pansilo, tinene kufika pa 5, n'kukweza pamene kampira kamakhala. Tsopano dzanja liyenda masentimita 6 okha. Mtunda wachepa ndi 20 peresenti, koma mphamvu imene dzanja liyenera kutulutsa yakwera ndi 25 peresenti. Palibe kampani imene inapeza njira yothawira masamu amenewa. Yolembedwa pa bokosi kuti imadula 40 peresenti, dziwani kuti ikulemeretsani dzanja kwambiri, ndipo mudzaimva bwino pa mzere wa magalimoto wa m'mawa, pamene mumangosinthana giya yoyamba ndi yachiwiri pa msewu wa N3 kuchokera pa mphambano ya Gillooly's mpaka ya Buccleuch.

M'kati mwa giyabokosi simusintha kalikonse. Mano a magiya ndi omwewo, injini ndi yomweyo. Toyota 86 ya zaka zimenezo ili ndi injini ya malita awiri yopanda turbo, yolembedwa kuti imatulutsa 147 kW, ndipo chiwerengero chimenecho mumachipeza ku Durban kapena ku Cape Town, m'mphepete mwa nyanja. Joni ali pamtunda wa mamita oposa 1,700, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 17 peresenti ya mphamvu zake. Ngati Golf GTI, yomwe ili ndi turbo, imakusiyani pa roboti, wakulandani mphamvu ndi mpweya wa kuno, osati ndodo ya magiya.

Tsono chimene chimachedwetsa giya kulowa si mtunda wa dzanja. Mu giyabokosi muli timphete totchedwa synchro, tambiri timapangidwa ndi mkuwa. Mukaponda kilatchi n'kukankha ndodo, kamphete kameneka kamakhudza kaye giya imene mukufunayo, n'kuikhutiza ngati buleki mpaka liwiro la giyayo lifanane ndi la shafuti. Zikafanana m'pamene mano amalumana. Ntchito imeneyi imafuna kanthawi kake, kochepa koma kosadumphika. Dzanja likafika msanga, kamphete kasanamalize, mumamva ndodo yaima ngati yagunda khoma, ndipo mukakakamiza mumamva kukukuta kuja. Ndi ndodo ya kufakitale dzanja limamva bwino pamene kamphete kakugwira ntchito, munthu n'kudikira osadziwa n'komwe kuti akudikira. Ndi short shifter zonse zimachitika pa mtunda waufupi ndiponso molemera, choncho ambiri amayamba kumenya ndodo m'malo moikankha. Chitsulocho pachokha sichiwononga synchro. Chimene chimawononga ndi dzanja limene laphunzira kufulumira chifukwa cha chitsulocho. Fulumira adadya gaga, ndipo gaga wa pano ndi kutsitsa giyabokosi yonse chifukwa cha kamphete kolowa m'chikhatho.

Ndiye tiyeni tipeze kaye chikuvuta pa galimoto yanu. Zoyesa izi mukhoza kuchita pakhomo panu Loweruka m'mawa, osagwira sipanala.

Injini ili yozima, pondani kilatchi, lowetsani magiya onse mmodzimmodzi. Kenaka lizani injini, pondani kilatchi mpaka pansi, dikirani masekondi angapo, mulowetse giya yoyamba. Ngati injini ili yozima magiya amalowa ngati mpeni pa papaya, koma ikangolira amayamba kukana, kilatchi yanu siikulekanitsa bwino injini ndi giyabokosi. Kawirikawiri vuto limakhala mafuta a kilatchi, omwe ndi mtundu womwewo wa mafuta a mabuleki: akalamba, amwa chinyezi, kapena mwalowa mpweya. Nthawi zina ndi master kapena slave cylinder yotopa, masilinda amene amagwiritsa ntchito mafutawo pokankha kilatchi, nthawi zina kilatchi yeniyeniyo. Ndaonaponso kapeti yoikidwa pamwamba pa inzake ikutchinga pedulo kuti isafike pansi, mwini galimoto atazungulira nayo magalaja atatu. Suzumirani kumapazi musanapite kulikonse.

Chachiwiri, onani nthawi imene vutolo limatha. Mwanena kuti ndi m'mawa. Ngati pofika pa R24, mutayenda mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, giya yachiwiri yayamba kulowa bwinobwino, ndiye ndikuloza oyilo wa mu giyabokosi. Mu Juni ndi Julayi kuno kumazizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, oyilo amalimba ngati uchi wa m'botolo, ndipo kamphete kaja kamavutika kumufinya kuti kagwire chitsulo. Giya yachiwiri ndi imene imayamba kudandaula pa magalimoto ambiri, chifukwa kusiyana kwa liwiro pakati pa yoyamba ndi yachiwiri n'kwakukulu, ndiponso ndi imene imagwira ntchito kwambiri m'tauni. Eni ake a 86 ambiri amalidziwa khalidwe limeneli. Galimoto ya 2013 yogula kwa munthu, mukhoza kupeza kuti oyilo amene alimo ndi amene inachoka naye ku Japan. Musintheni. Imalowa malita awiri ndi pang'ono a 75W-90, ndipo muwerenge m'buku la galimoto mtundu umene akufuna. Pa shelefu mudzapeza olembedwa GL-4 ndi GL-5. Musaganize kuti 5 ndi wabwino kuposa 4 chifukwa nambala ndi yaikulu. GL-5 anapangidwira difu, ali ndi mankhwala ochuluka oteteza mano opanikizika kwambiri, ndipo mu giyabokosi amatha kuterera mopitirira n'kulepheretsa synchro kugwira. Pokhetsa oyilo wakaleyo mumuone padzuwa. Tizitsulo tosalala ngati fumbi pa maginito a bawuti yokhetsera si nkhani. Koma akamanyezimira ngati golide, umenewo ndi mkuwa wa synchro, ndipo mukapezamo tizidutswa togwirika ndi zala, iwalani kaye za short shifter. Langizo laling'ono: masulani bawuti yothirira musanamasule yokhetsera. Munthu amakhetsa oyilo yense n'kupeza yothirira yakana kumasuka, galimoto n'kugona pa jeke mpaka Lolemba.

Chachitatu n'cha synchro yeniyeniyo. Galimoto itatentha, sinthani kuchoka pa yoyamba kupita pa yachiwiri msanga, marevu ali pamwamba. Ikakukuta, yesaninso motere: pondani kilatchi, ikani pa nyutulo, siyani kilatchi, pondaninso, lowetsani yachiwiri. Madalaivala akale a malole ankayendetsa choncho. Ngati mwa njira iyi ikulowa mwakachetechete koma mwa njira ya masiku onse ikukukuta, ndipo ndi giya imodzi yokhayo, kamphete kake katha. Apo oyilo amangochepetsako ululu, mankhwala ake ndi kutsegula giyabokosi.

Za kugwedera kwa ndodo, ikani pa giya yachitatu injini ili yozima, muigwedeze kumanja ndi kumanzere. Kusewera pang'ono n'kwachibadwa. Ikamayenda ngati ili pa nyutulo, mabushi atha. Pa 86 ndodo imakhala m'chibakuli chake chimene kumbuyo chimagwiriridwa ndi bushi ya labala, ndipo pamene ndodo imalumikizana ndi chitsulo cha giyabokosi palinso timabushi tating'ono. Patatha zaka zoposa khumi pafupi ndi kutentha kwa ekizozi, labala amafewa, pulasitiki imadyeka. Pansi pa giyabokosi palinso mounting ya labala imene ikatopa imalola giyabokosi yonse kuvina mukamaponda moto, ndodo n'kumavina nayo. Kusintha zimenezi n'kotchipa poyerekeza ndi short shifter, ndipo kunena zoona, ambiri amene amatamanda short shifter kuti yasintha galimoto, chimene akumva ndi mabushi atsopano amene anabwera nayo m'bokosi. Ndakhala ndikubweza anthu ndi mabushi ndi oyilo basi, n'kuwauza kuti akayende milungu iwiri. Ena sabweranso kudzamangitsa chitsulo chija, amachigulitsa pa Facebook.

Tinene kuti mwachita zonsezi, giya ikulowa bwino, komabe mtima ukufuna ndodo yoyenda pafupi. Palibe cholakwika. Galimoto ngati 86 munthu sagula kuti azinyamulira matumba a ufa, amagulira kukoma kwa kuyendetsa, ndipo dzanja lamanzere lili ndi gawo lake pa kukomako. Kumbukirani kokha kuti ndodo ya 86 ndi yaifupi kale pochoka kufakitale, yosiyana ndi ya bakkie imene mumachita ngati mukuvundula nsima ya pamaliro. Choncho phindu lake silikhala lalikulu ngati mmene lingakhalire pa galimoto ina.

Mitundu yake ilipo ingapo. Wofala ndi ndodo yolowa m'malo mwa yakale, m'chibakuli chomwecho. TRD, nthambi ya Toyota yomwe ya zamipikisano, inapanga yake ya galimoto imeneyi, ndipo makampani ngati Kartboy a ku America amapanganso. Kwa munthu woyenda Kempton Park ndi Randburg tsiku lililonse, n'kupita ku Zwartkops mwa apo ndi apo, uwu ndi mtundu umene ndingasankhe, ndipo ndingatenge yodula mtunda pang'ono, cha m'ma 20 kapena 25 peresenti. Zina zimakhala zosinthika, mumasankha nokha pofupikitsa. Mukagula yotero yambani ndi pamene imafupikitsa pang'ono kwambiri.

Mtundu wina ndi uja mumauona pa magalimoto a mpikisano: ndodo yaitali yoimirira pafupi ndi chiwongolero, yomangidwa ndi mabawuti pa thupi la galimoto, zitsulo zonse zili poyera. CAE ya ku Germany ndi Coolerworx ndi mayina amene mudzawamve. Ndi zida zabwino pa ntchito yake. Dzanja limachoka pa chiwongolero n'kupeza ndodo pompo, ndipo sipuling'i yake imabwezera ndodo pakati mwamphamvu. Koma ganizirani izi: ndodo yamangidwa pa thupi, pamene injini ndi giyabokosi zakhala pa labala ndipo zimasuntha mukaponda moto kapena mukakhota mwamphamvu. Kuti ziwirizi zizimvana, mumayenera kulimbitsanso ma mounting, ndipo mukatero phokoso lonse la giyabokosi limalowa m'galimoto. Walira mvula walira matope. Pa Zwartkops kapena Red Star Raceway, chipewa chili kumutu, simumva kanthu. Pa N3 nthawi ya 7 koloko m'mawa, mlamu ali pambali akuyesa kuyankha foni, mudzafunsidwa kuti galimoto yawonongeka chiyani.

Pali njira yachitatu ya anyamata ofuna zachidule, yodula ndodo ndi sowo. Inde dzanja limayenda pafupi chifukwa gawo la pamwamba lafupika, koma ndodo yatsika, yatalikira chiwongolero, ndipo pa 86 mwawononga kamphete kokweza polowa rivesi. Musayese.

Pogula, samalani ndi zotchipa zopanda dzina zimene zadzaza pa intaneti, zopakidwa utoto wofiira kapena wabuluu, zofanana ndi zenizeni pa chithunzi. Chikomekome cha mkuyu. Ndinamangapo ina yotere pa galimoto ya mnyamata wina amene anaumirira, ndipo nanenso ndinalakwa kuvomera. Kampira kake kanali kochepa pang'ono kuposa malo ake, moti patangotha mwezi inayamba kulira ngati njuchi m'chitini marevu akakwera. Tsiku lina poweruka, chowotcherera cha pansi chinathyoka ali pa roboti, ndodo n'kutsala m'dzanja, galimoto ili pa giya yachitatu. Ndalama ya breakdown yokha inaposa imene anapulumutsa. Kuyambira pamenepo chitsulo chopanda dzina la wopanga sindimanga, ngakhale munthu akwiye. Funsaninso wogulitsa ngati ili yoyenera galimoto ya chiwongolero cha kumanja. Zambiri zimachokera ku America ndi ku mayiko a ku Ulaya kumene dalaivala amakhala kumanzere, ndipo pa magalimoto ena ndodo imapindikira kwa dalaivala. Yolunjika ilibe vuto, yopindika idzakuthawani n'kuweramira kwa pasinjala. Mukaitanitsa kunja, pa mtengo mukuwona pa sikirini muwonjezere kutumiza, msonkho wa kasitomu ndi VAT ya 15 peresenti, komanso kudikira. Kugula kwa wogulitsa wa konkuno kumakhala ndi ubwino wina: lamulo la Consumer Protection Act limakupatsani miyezi 6 yobweza katundu wopezeka ndi vuto, ndipo ntchito ya pa galaja imakhala ndi chitsimikizo cha miyezi itatu. Sungani malisiti.

Kumanga nokha n'kotheka ngati munagwirapo sipanala ndipo muli ndi malo osalala. Ntchito yambiri ili m'kati: kumasula mutu wa ndodo, kuchotsa pulasitiki yozungulira, kuchotsa malabala otchinga fumbi ndi kutentha. Koma pamafunikanso kulowa pansi kukachotsa kapini kolumikiza ndodo ndi chitsulo cha giyabokosi, pamalo opanikiza, pamwamba pa propshaft (shafuti yaitali yopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo), pafupi ndi ekizozi. Galimoto ikhale itazizira, ndipo ikhale pa masitandi achitsulo. Jeke yekha ayi, njerwa ayi. 86 ndi yotsika kwambiri, ikatsetsereka palibe mpata wotsala wa chifuwa cha munthu. Jambulani ndi foni chilichonse musanachotse. Pakani girisi pa kampira ndi pa kapini, kakilipi kotsekera kapini mukaone ndi maso kuti kakhala, musangokhulupirira zala. Popeza gawo la pansi latalika, onetsetsani kuti silikukhudza propshaft kapena chitsulo chotchinga kutentha pa giya iliyonse. Malabala aja muwabwezeretse onse, ong'ambika musinthe, apo ayi mudzamva mpweya wotentha ndi fungo la oyilo zikukwera pa ndodo.

Pamene ambiri amalakwitsa ndi apa. Pa 86 rivesi ili kumanzere kutsogolo, moyandikana ndi giya yoyamba, ndipo kuti mulowemo mumakweza kamphete kali pansi pa mutu wa ndodo. Chimene chimatchinga kuti musalowe rivesi mwangozi ndi kapuleti komangidwa ndi mabawuti m'munsi mwa ndodo, ndipo kapuleti komweko ndi kamene ndodo imatsamira mukamalowa yoyamba ndi yachiwiri. Mabowo ake ali ndi mpata wosendezera. Mukakamanga kolowa m'kati kwambiri, yoyamba ndi yachiwiri zimavuta kulowa, munthu n'kumatukwana short shifter kapena giyabokosi pamene vuto ndi mamilimita awiri. Mukakatulutsa kwambiri, ndodo imapitirira mzere wake n'kumasaka njira. Musanakachotse lembani ndi cholembera pamene kanali. Pomanga ikani ndodo pa giya yoyamba kapena yachiwiri, sendezani kapuleti mpaka katsale pang'ono kukhudza, mangani, muyese magiya onse ndi rivesi injini ili yozima. Mwa njira, popeza galimoto yanu inadutsa m'manja mwa wina, n'zotheka kuti kapuleti kameneka kanasunthidwa kale. Kayang'aneni pamene mukusintha mabushi, mwina vuto la giya yachiwiri lili pomwepo.

Anzanu a ku Zwartkops akamakuuzani za magalimoto awo, muzifunsa kuti ndi galimoto yanji, chifukwa zimasiyana. Golf GTI ndi Polo GTI za manual zimasintha magiya ndi makebulo awiri, ndipo short shifter yake kawirikawiri imamangidwa pamwamba pa giyabokosi, mu boneti, ndodo ya m'kati osaikhudza. Ukamaliza umayenera kulinganiza makebulo, kutseka giyabokosi ndi kapini kake ndi kutseka ndodo ndi kachitsulo ka mamilimita 5. Mazda MX-5 ndodo yake imalowa mu giyabokosi mwachindunji, n'chifukwa chake imakoma chikhalire, ndipo pa zakale chimene chimafunika ndi kabushi ka kunsonga, malabala atsopano ndi oyilo pang'ono m'chibakuli cha ndodo. A BMW akale, kuphatikizapo 325iS ija a ku Soweto amaitcha Gusheshe, ali ndi chitsulo chachitali ndi mabushi angapo pakati pa ndodo ndi giyabokosi, choncho akakalamba ndodo imasewera kwambiri, ndipo eni ake anazindikira kalekale kuti ndodo ya Z3 imalowa n'kufupikitsa mtunda. Pa galimoto zotero kusintha kumamveka kwambiri. Wa Gusheshe akamalumbira kuti short shifter inamusinthira moyo sakunama, koma akunena za galimoto yake.

Chinthu chimodzi chimene ndimachenjeza aliyense wopita pa bwalo la mpikisano. Short shifter yolowa m'malo mwa ndodo imafupikitsa kutsogolo ndi kumbuyo, komanso nthawi zambiri imafupikitsa kumanja ndi kumanzere. Mizere itatu ija, wa 1 ndi 2, wa 3 ndi 4, wa 5 ndi 6, imayandikana. Muli pa yachisanu, liwiro lili pamwamba, mukufuna yachinayi pofika pa kona. Ife oyendetsa ndi dzanja lamanzere, kuchoka pa 5 kupita pa 4 timakankhira ndodo kutali ndi thupi, ndipo mtima ukathamanga dzanja limakankha mopitirira, n'kulowa yachiwiri. Mukasiya kilatchi, matayala ndi amene amazunguza injini, ndipo kompyuta imene imadula mafuta marevu akafika pofiira ilibe chochita, chifukwa si mafuta amene akuyendetsa injini pa nthawiyo. Marevu amapitirira malire, mavavu amakumana ndi mapisitoni, ndipo mu sekondi imodzi injini yatha. Ndinatsegulapo injini yotero, ya munthu amene anamanga short shifter Lachisanu n'kupita pa bwalo Loweruka. Njira yopewera ndi kuphunzitsa dzanja: pochoka pa 5, tulutsani ndodo ndi chikhatho chotsegula, muisiye sipuling'i iibweretse yokha pakati, kenaka kokerani kumbuyo molunjika. Musaifumbate ngati mpini wa khasu. Ndipo mukamva marevu akukwera modabwitsa pamene mukusiya kilatchi, ipondeninso nthawi yomweyo. Yendani nayo m'tauni milungu ingapo musanapite ku Zwartkops.

Mutu wa ndodo nawo uli ndi mbali yake. Wolemerako umathandiza ndodo kudutsa polimba paja, ndipo pa short shifter umabweza kufewa kwina kumene kwatayika. Mazinga a 86 ndi M12 x 1.25, ndipo mutuwo ukhale ndi mphako pansi yoti kamphete ka rivesi kazikwera. Wachitsulo chosakutira ndi wokongola, koma musiye galimoto padzuwa la Disembala pa mall muone mmene udzakuotchereni, ndipo mu Julayi umakhala ngati mwala wa mufiriji. Ndikudziwa anthu amene amauveka sokosi ya mwana.

Za mapepala ndinene mwachidule. Galimoto ya 2013 waranti ya kufakitale inatha, koma ngati munagula waranti yowonjezera, werengani zimene inalemba pa zosintha. Kwa amene ali ndi GR86 yatsopano, malangizo a Competition Commission, bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, amene anayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2021 amalola kukonzetsa ku galaja yoima payokha ndi kumanga masipeya osakhala a kampani popanda kutaya waranti yonse, koma chimene chawonongeka chifukwa cha sipeya imeneyo kampani ikhoza kukana kulipira. Giyabokosi ikavuta muli ndi short shifter, yembekezani mafunso. A inshuwaransi auzeni, ngakhale chinthucho n'chaching'ono, ndipo muwauze polemba. Muwafunsenso ngati amalipira ngozi ya pa bwalo la mpikisano, chifukwa mapolise ambiri wamba salipira. Mukasankha kupita ku galaja, funsani ngati anamangapo pa 86, ndipo chikwangwani cha RMI, bungwe la magalaja ndi ogulitsa za magalimoto, pakhomo chimakupatsani kokadandaula zinthu zikavuta.

Ndiye Loweruka likubwerali yesani zinthu zija injini ili yozima ndi yolira, kenaka oyilo, mafuta a kilatchi, mabushi ndi kapuleti ka rivesi. Muyende nayo mpaka idutse m'mawa wozizira ungapo. Mukadzamanga short shifter, ndodo yakaleyo musataye kapena kugulitsa. Ikulungeni m'nsanza pamodzi ndi kapini ndi kakilipi kake. Wodzagula galimotoyo mwina adzaifuna, ndipo ngati mudzalimbe mtima kupita nayo kumudzi pa Disembala kudzera pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza, muiponye mu buti pambali pa jeke, ndi sipanala zake zomasulira.